Ulaliki wa pa Esiteti ya a Fundo

Mtunthama, Kasungu
14 Malichi 2023

Okondedwa achimwene a Frazer,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Ife kuno tilipo. Fodya wachita bwino chaka chino, zigafa zadzaza, ndipo mlamu wanu Jenala ndi woyembekezera, mwezi wa Meyi tilandira mlendo.

Pali nkhani imene ndalephera kuuza munthu kuno. Mukudziwa kuti tchalitchi chimene ndikutumikirapo ngati mlaliki chili pa esiteti ya a Fundo. Malata ake anagula ndi iwo, nyumba imene timagonamo ndi yawo, komanso ndiwo mkulu wa mpingo. Akhristu anga ambiri ndi matenanti awo, anthu amene anakawatenga pa lole ku Phalombe. Zitupa zawo zimasungidwa kwa abwana, ndipo palibe amaloledwa kuchoka fodya asanagulitsidwe.

Mmodzi mwa iwo ndi a Patrick, amene amayambitsa nyimbo m'tchalitchi. Mwana wawo Gladness wakhala akusanza ndi kumva chizungulire chifukwa chothyola fodya wa mame, moti wawonda kwambiri. Bambo ake anapempha kuti apite naye kwawo, anakanizidwa. Loweruka m'mawa ananyamuka wapansi ndi banja lonse. Kapitawo anakawapeza pa msewu wa ku Boma n'kuwabweza pa thirakitala, anthu akuonerera.

Tsiku lomwelo a Fundo anandiitana pakhonde pawo. Anati, "A mlaliki, mawa mutilalikire za kapolo uja anathawa mbuye wake, mtumwi Paulo n'kumubweza. Anthuwa aiwala kuti kumvera bwana n'kumvera Mulungu."

Ndinati, "Bambo, anthuwa si akapolo."

Iwo anaseka. "Ndiye mawuwo sawapweteka. Nanga mayi a kunyumba ali bwanji? Nyumba ija ikukusungani bwino?"

Achimwene, ndinalalikira. Ndinayesa kutsindika kuti kapoloyo anabwezedwa kuti akamulandire ngati m'bale, koma a Fundo anayankha ameni wamphamvu pamene ndinatchula za kumvera, ndipo mpingo wonse unamva zomwezo. A Patrick anakhala pa benchi yakutsogolo, Gladness atatsamira pa phewa lawo. Nditamaliza anthu anadikira nyimbo, ndipo iwo anaiyambitsa monga mwa masiku onse.

Titatuluka a Patrick ananditsatira. Ndinkaganiza kuti akudzandikalipira, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Koma anavula chipewa nati, "A mlaliki, sindinkadziwa kuti kutengera mwana kwawo ndi tchimo. Ndiye ndikalape kwa ndani, kwa Mulungu kapena kwa abwana?"

Ndinangowagwira dzanja.

Mukukumbukira tili ku pulayimale aphunzitsi ankatiuza kuti Akhristu ndiwo anathetsa malonda a akapolo ku Nkhotakota? Ine ndinkanyadira. Sanatiuze kuti eni akapolo ena nawonso ankawerenga Buku Lopatulika lomweli. Lero wowawerengera ndine.

Ndili ndi pempho. Ngati nyumba yanu ya ku Nkhamenya ilibe munthu, lolani Jenala akachirire kumeneko. Iye akachoka pano mwina ndidzalimba mtima. Ndikuti mwina, chifukwa ndadzidziwa tsopano. A Fundo anena kale kuti ulaliki uja unawadalitsa, ndipo akufuna ndikaubwereze ku esiteti yawo ina.

Amayi musawauze zimenezi mukamawaimbira. Iwo amauza aliyense kuti mwana wawo amagwira ntchito ya Mulungu, asiyeni azitero.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Jenala akupereka moni. A Patrick nawonso, atamva kuti ndili ndi mkulu wanga ku Joni, akuti ndikupatseni moni, ndipo akufunsa ngati kumeneko munthu mwana wake akadwala amaloledwa kupita kwawo.

Ndine mng'ono wanu,
Lemani