Kamal Sadya M'dzanja la Wina

Kamwendo, Mchinji
12 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali anga a Rashida,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Lusaka. Ndawapatsira a Chande, oyendetsa thiraki aja amene amaima pa golosale pathu, popeza akuwoloka boda mawa. Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pa foni mukangofunsa kuti tili bwanji, pakamwa panga pamathamangira kunena kuti tili bwino, ndiye mukadula ndimatsala ndi mawu onse kukhosi.

Kuno kwatentha zedi. Anthu ayamba kusosa m'minda, ndipo tsiku la msika fumbi limalowa mpaka m'kapu ya madzi. Golosale ikuyenda pang'onopang'ono. Kamal ali bwino monga mwa iye. Wakula, achemwali. Wakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo aguluka, ena akumera. Khosi silinalimbebe, kukhala sakhala, mawu palibe, koma akamva azana, kuitanira mapemphero kumzikiti, amatembenuza maso n'kuyamba kuseka. Miyendo yatalika moti ndikamubereka mapazi ake amandigunda kuseri kwa mawondo.

Tsopano ndinene chimene ndalembera. Ndili ndi pakati, ndipo mwezi wachisanu ndi chitatu wayamba. Sindinakuuzeni chifukwa ndimaopa kukumvani mutangoti zii pa foni, monga amachitira aliyense akandiona mimba kutsogolo, Kamal kumbuyo.

Inu munali mutasamuka kale pamene Kamal amabadwa, ndipo sindinakufotokozereni zonse. Matenda anandiyamba tili kumudzi kwa apongozi, mvula ikugwa, mtsinje utadzaza. Tinafika mochedwa pachipatala chaching'ono, pamenepo anati njira ndi yopapatiza, ndipite ku Boma. Pamene amandichita opaleshoni, mwana anali atabanika kale. Sanalire. Ndinamva anamwino akuthamanga, zitsulo zikulira, koma iye ayi. Anadzalira patapita masiku, kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka, ine n'kumasangalala kuti zatha. Sindimadziwa kuti m'pamene zikuyamba.

Sabata yatha ndinapita ku sikelo ku Boma. Kamal ndinapita naye, pakuti ndikanamusiyira ndani? Anandiyeza a Veronica, anamwino ochokera kumpoto, munthu wachifundo koma wosazungulira polankhula. Atandiunika anakhala pansi n'kundiyang'ana.

"Mayi Naila, mwana wa m'mimbayu wagona chopingasa, ndipo chipsera cha opaleshoni ija chapyapyala. Matenda akakuyambirani kunyumba, chiberekero chikhoza kung'ambika musanafike n'pa msewu pomwe. Mwezi uno ukamatha mubwere mudzadikirire kuno."

Ndinafunsa kuti, "Nanga uyu ndibwere naye?"

Anamuyang'ana Kamal, amene anali pamiyendo panga malovu akutsikira pa nsalu.

"Kodikirira kuja n'kodzaza, amayi amagona mothithikana. Ndipo tsiku lolowa ku fiyeta kukachitidwa opaleshoni, adzamugwira ndani? Mukatuluka simudzatha kunyamula ngakhale ndowa. Pezani munthu kunyumba."

"Sadya m'dzanja la wina," ndinatero.

"Aphunzire," anayankha. Kenaka anandigwira phewa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mukafa inu, adzaphunzirabe, koma mochedwa."

Sindinawakwiyire. Ananena zoona.

Mukudziwa kuti kudyetsa Kamal si kungotenga sipuni. Kumeza kumamuvuta. Phala likalimba limamukakamira, likakhala lamadzi limalowa njira ya mpweya. Umayenera kumukhazika pantchafu, mutu uli m'khwapa mwako, n'kudikira mpaka nsagwada zimasuke zokha. Chakudya chimodzi chimanditengera nthawi imene mayi wina amachapa, kuyanika ndi kuanula. Ndi chifukwa chake zaka zonsezi sindinapite ku ukwati, ku sadaka, ngakhale kumsika umene phokoso lake ndimalimva ndili pakhonde. Dziko langa limathera pa mpanda.

Bambo a Kamal anakatenga mayi awo kumudzi kuti adzayesere. Apongozi anabwera ndi mtima wabwino, sindinganame. Tsiku loyamba Kamal anangoluma mano. Tsiku lachiwiri anatsegula pakamwa, apongozi n'kusangalala, n'kufulumiza sipuni. Ine ndinali kubafa. Ndinangomva akukuwa kuti, "Naila! Mwana! Mwana!" Ndinamupeza atauma gwa, milomo itada, maso atatembenuzika. Ndinamuzondotsa pabondo panga n'kumumenya pamsana mpaka phala linatuluka m'kamwa ndi m'mphuno momwe. Atapuma, ndinamva kupweteka m'munsi mwa mimba, pa chipsera penipeni, ndipo ndinakhala pansi pomwepo osatha kudzuka.

Apongozi anakankhira mbale ya phala kumbali. Anati, "Mwananga, ndikuphikira, ndikuchapira, ndikutungira madzi. Koma mwana uyu asafere m'manja mwanga. Sindiyesanso."

Madzulo ake ndinawamva kuseri kwa nyumba akulankhula ndi mwana wawo. Amalira. Anati, "Sufiyan, bwenzi Mulungu atangomutenga tsiku lomwe lija, akanapumula, mayi wakenso akanapumula." Bambo a Kamal anawaletsa kuti asalankhule choncho. Achemwali, izi ndikuuza inu nokha. Ndinadikira kuti mtima wanga upse, koma sunapse. Ndinangomva kutopa. Ndinalowa m'nyumba, ndinamupeza Kamal akundiyang'ana ndi maso ake aja, akundisekerera, ndipo ndinachita manyazi moti pa swala ya madzulo ndinasowa chonena kwa Allah.

Bambo a Kamal nawo ayesa. Atseka golosale masana onse sabata ino, akumakhala naye pamkeka. Amamuimbira, amamunyengerera, amamutchula kuti bwana wamkulu. Kamal amawakonda, akawaona amaponya manja, koma sipuni ikayandikira amakunga thupi lonse. Chichitikire za apongozi zija, mwanayu akuopa. Dzulo kuyambira m'mawa sindinamudyetse dala, poganiza kuti njala imugonjetsa. Ndinabisala kuchipinda, ndikumva akubuula. Dzuwa litapendeka bambo ake analowa ndi mbale ili yodzaza, misozi ili m'maso.

"Mayi a Kamal, ndalephera. Mudyetseni."

Nditatenga sipuni ine, Kamal anadya ngati palibe chachitika.

Ndiye ndili apa. Ndikapita kukadikirira, ndisiya mwana amene sadya. Ndikakhala, ndidikira matenda kunyumba monga ndinachitira poyamba, ndipo wa m'mimbayu akhoza kubadwa ngati mkulu wake, kapena tonse awiri osabwerako. Akamagunda m'mimbamu sindidziwa ngati ndisangalale. Sindinamugulire ngakhale kansalu kamodzi.

Achemwali, pali munthu mmodzi yekha kupatula ine amene Kamal anadyapo m'dzanja lake. Pa maliro a mayi athu, ine nditakomoka ndi kulira, munamutenga n'kukakhala naye pansi pa mtengo wa mango, ndipo anamaliza kapu yonse. Anthu amati mawu athu ndi ofanana, mwina n'chifukwa chake. Anali wamng'ono nthawi imeneyo, sindikudziwa ngati angavomerenso. Koma ndilibe kwina koyang'ana.

Ndikudziwa kuti muli ndi banja lanu, ana ali pa sukulu, Imelda akulemba mayeso chaka chino, ndipo malonda anu a nsalu sangayende popanda inu. Ndikudziwanso kuti sindikupempha masiku owerengeka, pakuti bala likamapola sindidzatha kumunyamula. Sindinakupempheniko chinthu chachikulu chotere chibadwire. Mulankhule ndi alamu. Akakana, musakangane nawo chifukwa cha ine, ndipo inunso mukaona kuti sizitheka mundiuze mosabisa, sindidzakusungirani mangawa. Koma mundiyankhe mwezi usanathe. A Veronica anandiuza kuti ndikapanda kuoneka adzanditumizira uthenga, ndipo sindikudziwa chimene ndidzawayankhe.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikupepesa powalanda mtendere. Moni kwa Imelda, alimbikire, ndi kwa Siti wamng'onoyo amene sindinamuonebe. Bambo a Kamal akupereka moni. Sakudziwa kuti ndalemba zonsezi, akuganiza kuti ndikupempha nsalu za mwana. Apongozi nawo akuti moni.

Mukabwera n'kupeza nditapita kale ku Boma, mankhwala a Kamal a kukomoka ali pamwamba pa kabati, bambo ake akudziwa kamwedwe kake. Muzimutembenuza pafupipafupi, chifukwa m'chiuno mwayamba kufiira. Sakonda madzi ozizira. Akayamba kulira osatonthola, musayese kuti wadwala, mungomutulutsa pakhonde aone magalimoto akudutsa. Ndipo zikavuta ku fiyeta, musalole kuti amutengere kumudzi, kumene amamutsekera m'nyumba alendo akabwera. Muzimuuza kuti ndikubwera. Amamva, achemwali. Anthu sakhulupirira, koma amamva chilichonse.

Allah akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Naila