Mapeso a Bambo a mu Nsungwi

Tahuna, Sangihe
20 Julayi 1998

Yustus mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku General Santos, ku Philippines, iwe ndi alamu anga a Marites, ndiponso kuti ntchito ya kufakitale ya nsomba sinakuthyole msana. Kuno tilipo. Mayi atuluka m'chipatala ku Manado, chotupa chija anachichotsa, ayamba kumwa phala. Bambo miyendo ndi yomwe ija, safika ngakhale padoko. Moni wanga wathera pomwepa, chifukwa ndakukwiyira kwambiri.

Wamva mmene rupiya yathu ya Indonesia yagwera. Chaka chatha peso imodzi ya kwanuko inkasinthidwa ndi marupiya makumi asanu ndi anayi, lero yapitirira mazana atatu. Mpunga tikugula ngati golide. Adokotala atatchula mtengo wa opaleshoni ya mayi, ine ndinaona kuti sitingakwanitse. Koma bambo anangoseka. Akuti, Welmina, kwera kudenga utsitse nsungwi ija, lero muona chimene ndakhala ndikunena.

Nkhani yawo ya 1965 tinakula nayo tonse. Boma litalengeza kuti marupiya chikwi asanduka rupiya imodzi, ndalama zimene anasunga zaka zitatu kuti agule boti zinangokwana thumba la mpunga. Kuyambira pamenepo ankati rupiya ndi mchere wosiyidwa pamvula. Akawoloka nyanja kukagulitsa kokonati kwanuko ku Mindanao, ankabwerako ndi mapeso n'kuwapinda mu nsungwi. Ife tinkapita kusukulu opanda nsapato, nsungwi ikunenepa.

Mapesowo ndinapita nawo kwa a Lahope, osintha ndalama mumsika wa padoko. Anatambasula pepala limodzi, kuliyang'ana uku ndi uku, kenako n'kuitana anzawo kuti adzaone. Akuti, mayi, izi mwazifukula kumanda ati? Ati boma la Philippines linasintha mapepala ake kalekale, linapereka nthawi yoti akalewo abwezedwe kubanki, ndipo nthawiyo inatha zaka ziwiri zapitazo. Wina anati ndikakulungiremo mtedza. Msika wonse unandiseka, Yustus, ine ndili chiimire ndi thukuta la bambo la zaka makumi awiri m'manja.

Ndinkayesa ndi tsoka chabe. Koma Obet, uja amayendetsa boti lopita kwanuko, ananditsatira n'kundiuza zoona. Akuti iwe unkadziwa. Pa Khirisimasi ya 1995 utabwera, bambo anakuonetsa mapesowo nthawi yosinthira isanathe, iwe n'kuwauza kuti, sungani bambo, peso siifa. Utabwerera unkaseka pamowa kuti mdala akufungatira mazira owola, achimina, si uja anandikaniza ndalama zogulira injini ya boti.

Injini! Munthu n'kuwachita chotere bambo ako okubala chifukwa cha injini? Ukanangonyamula nsungwiyo, kukasintha, ngakhale kubapo theka, ndikanakumvetsa. Wakuba amadyako. Iwe sunadyepo kanthu, unangofuna kuti ziwole.

Tsopano imva zanga. Munda wako wa kokonati wa ku Tamako, umene agogo anakusiyira, uja unkati udzamangapo nyumba ukadzatopa ndi nsomba za eni, ndagulitsa. Mapepala ake anali m'bokosi langa, ndipo dzina lako ndinasaina ndine. Agula ndi a Lahope omwewo, pamtengo wozizira, poti anaona kuti madzi andifika m'khosi. Munda umenewo ndiwo walipira opaleshoni. Za kusainako ndinakagwada kutchalitchi, koma za mundawo sindikupepesa. Ukafuna kandisumire kupolisi, ndikafotokoza zonse anthu akumva.

Bambo sakudziwa chilichonse. Ndinawauza kuti mapeso asinthika bwinobwino. Ukanawaona! Anavala shati yoyera ija, anawakweza pa njinga yamoto mpaka kutchalitchi, n'kuimirira atatsamira ndodo kuchitira umboni. Ati mwakhala mukunditcha waumbombo, lero peso yawombola mkazi wanga. Ena amene anali mumsika tsiku lija anangoweramitsa mitu, palibe anatsegula pakamwa. Anthu adera anawamvera chisoni kuposa mwana wawo.

Pempho langa ndi limodzi. Ukabwera, unditengere kuseri kwa nyumba, unditukwane mmene ungafunire, ndidzakuyankha. Koma pamaso pa bambo utseke pakamwa. Adokotala akuti mtima wawo suli bwino, ndipo sindikudziwa kuti tikhala nawo mpaka liti. Asiye anyade.

M'kalatamu upezamo pepala la mapeso zana. Bambo analipatula asanandipatse nsungwi. Dzulo anandiitana n'kunena kuti ndikutumizire. Ati, mwana uja ndi amene anandilimbitsa mtima kuti ndisunge, pakanapanda iye mayi anu tikanaika, akagulire mkazi wake nsalu. Anandiuzanso kuti ndilembe kuti zikomo. Ndiye ndalemba. Mapeso ena onsewo ndinatentha.

Undiperekere moni kwa a Marites, iwo alibe mlandu ndi ine. Mayi akukufunsa tsiku ndi tsiku, uwalembere ngakhale mizere iwiri. Mulungu akusunge, poti pakali pano pemphero langa pa iwe silingapitirire pamenepa.

Ndine mlongo wako,
Welmina