Mbawala Imene Inathawa ndi Muvi

Amayi anga, kumene mukupumulako zikuyenda bwanji? Ife kuno ku Leicester tilipo, kungoti kuzizira kwayamba kale.

Ndiyambe ndi zokoma. Mpongozi wanu Esnart anachira bwinobwino mu Ogasiti. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Elube. Mphumi ndi yanu ndithu. Mkulu wake Yamikani Chichewa amamva, koma ukamufunsa amayankha m'Chingerezi, mukanamukoka khutu. Kadimba kathu ka lendi kaja chaka chino sikanatichititse manyazi. Kunatentha ngati ku Nsanje, moti chimanga chinakhwima, maungu mpaka tinagawirako anzathu a kutchalitchi. Chovuta ndi galimoto yokha, m'mawa imalira ngati ili ndi chifuwa.

Koma chandikhazika pansi ndi chimene ndinaona Lachiwiri lapitali. Paja ntchito yanga ndi yoyendera okalamba m'makomo mwawo. Mmodzi mwa iwo ndi agogo Harold, amene amakhala kumudzi kupitirira Oadby, m'mphepete mwa nkhalango. Mwana wawo, a Graham, ndiye amayang'anira nkhalangoyo ndi mbawala zake. Musaganize za timbawala takwathu tija, amayi. Yamphongo ya kuno ndi msinkhu wa ng'ombe yaing'ono, nyanga zanthambinthambi ngati yasenza mtengo.

M'mawa umenewo nditangomaliza kuwasambitsa agogowo, a Graham analowa nkhope itagwa. Anati munthu wina walasa mbawala ndi muvi, chinthu choletsedwa kuno, ndipo yathawa nawo. Kuseri kwa nkhalangoyo kuli msewu waukulu, ndipo nyama yopenga ndi ululu ikadumphira mmenemo, anthu atha kufa. "A Limbani," anatero, "mnzanga wondithandiza ali kutali, ndekha sindingainyamule. Muli ndi mpata?" Shifiti yanga yotsatira inali ya masana. Ndinavala majombo a agogo n'kuwatsatira.

Pamene inalasidwira tinapeza ubweya ndi magazi. Ine miyendo inkayabwa kuti tithamange, koma a Graham anakhala pachitsa, mfuti pamiyendo. "Tikaithamangitsa ilowera kumsewu," anatero. "Tikaisiya, igona pafupi." Ndinakhala nawo, ndikumva mawu anu aja m'khutu: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako anamangirira galu wawo kuchingwe chachitali, tinayamba kulondola. Nyengo ino masamba onse ndi ofiira, ndiye magazi amabisala. Apa kadontho patsamba, apo popaka pakhungwa la mtengo, msinkhu wa m'chiuno mwanga. Penapake tinapeza pamene inagonapo n'kudzukanso. Nditaikapo dzanja, pansi panali pofunda. Phokoso la magalimoto linkayandikira, mtima wanga uli m'mwamba. Ndiye magazi anangotha. Tinagwada tonse awiri, kutembenuza masamba ngati tataya singano. Galu anazungulirazungulira, anaima, n'kukhotera kumunsi, kusiya msewu kumbuyo. A Graham anapumira m'mwamba. "Ikufuna madzi," ananong'ona.

Tinaipeza pakamtsinje, pakati pa mitengo yoyera makungwa. Amayi, ndilibe mawu okwana. Inali itagona, muvi uli kuseri kwa phewa, nthenga zake zapulasitiki zikunjenjemera ikamapuma. Itatiwona inadzuka. Sindikudziwa mphamvu inazitenga kuti. Inaima chilili, khosi lodzaza ubweya, mpweya ukutuluka m'mphuno ngati utsi, dzuwa likuwala m'nyanga. Sinathawe. Inangotiyang'ana ngati mwini malo amene wapeza alendo pakhomo pake. Galu anakhala pansi osauwa. Ine ndinapezeka kuti ndavula chipewa, osadziwa kuti ndavula nthawi yanji.

Munkati mukamapha nkhuku, "Mpeni ukhale wakuthwa, chamoyo sachizunza." A Graham anawombera kamodzi kokha. Mbalame zinabalalika, kenako nkhalango yonse inati zii, madzi okha ndiwo ankamveka.

Ndinagwada n'kuigwira pakhosi. Inali yotentha ngati mwana wogona. Pantchito yangayi ndatseka maso a anthu ambiri, makolo a eni ake, ndipo dzanja linazolowera. Anu anatseka ndi mlongo wanga Lonjezo, ine ndili m'ndege. Ndiye dzanjalo linangopita lokha kukatseka diso la mbawala ija. Linatsegukanso. Ndinayesanso, chimodzimodzi. A Graham anandigwira paphewa. "Izi sizitseka," anatero. Ndinasuzumira m'disomo, ndipo munali nkhalango yonse: mitengo, thambo, ndi kamunthu kakang'ono kogwada, komwe kanali ine. Ndinalira, amayi, kulira kumene ndinalephera pamaliro anu chifukwa cha piringupiringu wa anthu. A Graham anapita kukamwetsa galu, n'kutenga nthawi yaitali dala.

Kuikokera kumene kumafika thirakitala inali ntchito. Msana ukundiwawabe mpaka lero. Muvi anautenga apolisi, woulasayo sanapezeke. Patapita masiku a Graham anandibweretsera mwendo wathunthu. Poyamba ndinafuna kukana, koma ndinadziwa kuti mukanandikalipira, inu amene simunkataya ngakhale chikamba cha mumphika. Esnart anauphika ndi tomato ndi anyezi. Pemphero la chakudya tsiku limenelo ndinalitalikitsa mpaka ndiwo zinayamba kuzizira, ndipo palibe anadandaula.

Mvula ikatha chaka chamawa ndibwera ku Dedza. Ndidzalambula pamene mwagonapo ndi khasu m'manja mwanga, osatuma munthu, ndipo chiliza chanu ndidzamanga. Ndikamaliza ndidzakhala nanu pamenepo mpaka dzuwa litapendeka, osafulumira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Limbani