Mpheta Wayamba Besi

Lolemba, 14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Mpheta anaimba Loweruka masana mu holo ya kuseri kwa laibulale, ndipo nyimbo yake anafika nayo kumapeto. Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima wanu ukhale m'malo. Ife kuno tili bwino. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni mumandidula pakamwa ndisanafike pa mfundo.

Munandifunsa ngati mwana wanuyu wakukwiyirani chifukwa chomusiya ndi ife n'kupita kutali kukagwira ntchito, popeza anasiya kukutumizirani mauthenga a mawu, ndipo mukaimba foni amathawira kubafa. Sanakwiye. Mawu ake asintha, basi. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, n'chifukwa chake ndinkangonamizira netiweki. Dzulo wandimasula.

Mukukumbukira kuti gulu la zisudzo la ana a m'dera lathu linamusankha kukhala kamnyamata kogulitsa nyuzipepala m'sewero lawo loimba, chifukwa cha timawu take tosongoka tija timene munamupatsira dzina la Mpheta. Nyimbo yaikulu inali yake, yoimbira pamwamba pa makwerero. Tsiku lina akuyeserera, atafika pamene nyimbo imakwera, kukhosi kwake kunatuluka tambala wophunzira kulira. Anzake anafa nalo phwete. Atabwera kunyumba, chakudya anangochitosatosa.

Ine ndinachita zimene ndimadziwa. Ndinabwereka buku kuntchito, kusitolo ya mankhwala kuja, n'kumuonetsa chithunzi cha kholingo. Ndinamufotokozera kuti pa msinkhu wakewu kholingo limakula, timinofu totulutsa mawu timatalika, ndipo mankhwala palibe chifukwa si matenda. Anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Ndiye amalume, bukuli likaimba m'malo mwanga?" Alamu anu anakasekera kukhitchini.

Chimene chinkamudya kwenikweni ndinachidziwa mochedwa. Tsiku lina tikutsuka mbale awiriwiri, anayankhula maso ali m'beseni: "Amayi amati akamva mawu anga amagona bwino. Nanga akamva awawa?" Buku la zimenezo ndinalibe.

Amayi ophunzitsa zisudzo ndi munthu wabwino, koma nthawi inali itawathera. Anamuuza kuti akhale mtengo wa pakona pa msewu, wongoima chilili ndi nthambi za makatoni. Iye anati bola kusiya. Ine ndinavomereza kuti asiye, chifukwa pounika bwinobwino zinali zomveka.

Amene anakonza zinthu ndi mwana wa atelala, kamtsikana kamene anzake amakatcha Sajeni chifukwa chokonda kulamula. Iyeyu anali atapatsidwa mbali ya mlonda wokalamba wa pasitolo, wa ndevu za thonje zomangira ndi chingwe, ndipo ankakakamiza mawu a besi mpaka kutsamwa. Anatipeza pakhonde, ndevu zili m'manja.

"Iwe Mpheta, tenga izi. Ine zikundiyabwa."

"Ndiye ndizitani?"

"Uvale. Mawu ako ndi a agogo kale. Makwerero ndikwera ine."

"Nyimbo yanga ija suitha iwe."

"Nanga iwe ukuitha?"

Ananyozana pang'ono, kenako ndinawaona akutsika msewu limodzi kupita kwa aphunzitsi awo, Sajeni patsogolo. Kuchokera tsiku limenelo m'nyumba muno simunapumike. Mlonda wokalamba ankayeserera kubafa, pakolido, ngakhale pothira madzi maluwa.

Loweruka holo inadzaza. Mipando ya pulasitiki inatha, makolo ena anasuzumira m'mawindo. Katani inakanirira pakati mpaka atelala anachita kuikoka ndi manja, ndipo kamwana kamene kanavala ngati basi kanayamba kulira kufuna mayi ake. Sajeni anaimba bwino pa makwerero paja, ngakhale ankathamanga n'kumusiya m'mbuyo woimba kiyibodi. Kenako Mpheta anatulukira atavala chikhoti changa chakale chija, tochi m'manja, akukoka mwendo.

Ndime yoyamba inayenda bwino. Pa yachiwiri mawu anaterereka n'kukwera okha. Ndinamuona ataima. Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwina: ankayesa kuti akutsanzira nkhalamba imene yaperewera mpweya. Bambo wina pafupi nane anati, "Mwana ameneyu ndi katswiri, n'ngwa ndani?" Mpheta anakumva kusekako. Anagwira msana, anatsokomola, ndipo pa ndime yachitatu anaterereketsa mawu dala. Anamuombera m'manja asanamalize n'komwe.

Kanema ndinajambula, koma musayembekezere zambiri. Mbali yaikulu mukuoneka nsapato zanga ndi mwendo wa mpando. Sindikudziwa chinachitika n'chiyani. Foni ija ndi yolemera kuposa mmene imaonekera.

Tsopano zopempha. Nsapato zimene munati mumutumizira, muwonjezere saizi, chifukwa si kholingo lokha limene lakula. Chikhoti changa wakana kubweza, akuti gulu likufuna kubwereza sewerolo mwezi wa mawa. Wati ndikuuzeninso kuti dzina lija musalisinthe, ngakhale mwini wake sakuliranso ngati mpheta.

Pali chinthu chimodzi chimene iyeyo sindinamuuze. Mawuwa akakhazikika pansi, makamaka akamaodira pakhomo, ndi a malemu bambo ake enieni. Tsiku lina alamu anu anagwetsa sipuni atawamva. Chifukwa chake n'chodziwika, kholingo munthu amatengera kumtundu monga mphuno kapena kayendedwe. Ine ndikudziwa zimenezi bwino lomwe, komabe tsiku limenelo ndinapezeka nditaimirira kuti ndiwalandire alamu anga malemuwo.

Alamu anu akupereka moni wambiri. Sajeni nayenso wati ndipereke moni kwa "amayi a agogo". Mudzisamalire kumeneko, ndipo muzigona mokwanira.

Mpheta akuimbirani foni Lamlungu mukaweruka, yekha, popanda womukankha. Mukhale pansi musanayankhe, ndipo chonde musafunse kuti ndani.

Ndine mlongo wanu,
Amalume a Mpheta