Mlamu Wandilanda Chigwa cha Mchere

Loweruka, 15 Okutobala 2016

Andilanda. Chigwa cha Mchere chonse, zipata zitatu, ndi msika womwe. Wolanda wake Watson, mlamu wanga weniweni, mwamuna wa malemu mlongo wanga. Munthu woti ananyambita mchere pamaso pa anthu.

Ndilembe bwino, ndingadzaiwale mutu wake n'kutsala ndi mkwiyo wokha.

Masewera athu a Loweruka masana, ku holo ya tchalitchi konkuno ku Bolton. Anayambitsa ndi Overtone, uja anabwera kudzaphunzira n'kutsalira pa ntchito ya makompyuta ku Salford. Anajambula dziko pa katoni ya firiji. Akuti Dziko la Madzuwa Awiri. Kuno ngakhale limodzi silioneka. Maufumu asanu, asilikali ndi zotsekera mabotolo. Aliyense amalemba mobisa zoti asilikali ake achite, kupinda kapepalako, kuponya m'chitini cha mabisiketi. Overtone amatsegula n'kuwerenga mokweza. Chalembedwa chachitika, palibe kubweza.

Watson ali ndi mapiri akumpoto ndi njovu zamapiko. Mayi Patuma zilumba, ndi ng'ona zobereka asilikali kumsana. Ine pakati, ndi akamba aakulu ngati nyumba, onyamula mchere. Tsiku loyamba ndinanena poyera: nkhondo zanu sindilowa, mchere ndigulitsa kwa onse. Watson anakatapa mchere kukhitchini ya holo, n'kunyambita. "Alamu, phazi langa likadzaponda kwanu, dzino ili liguluke."

Sabata yatha anapempha njira. Njovu zake zidutse mwanga, zimwe madzi, zikamenye Patuma. Ndinatsegula zipata. Lero Overtone akuwerenga kapepala ka Watson: njovu zonse zisanu ndi imodzi zitembenuke, zitseke zipata kuchokera mkati.

Patuma kuseka mpaka mpango kugwa. Ine ndinanyamuka osatsanzika. Basi, mvula, nsapato zolowa madzi.

Kalata yakuchipatala ikadali m'Baibulo, pa Yobu. Akuti ikunena kuti khansa yatha. Akuti.

Lamulungu, 16 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Watson akanakhala pa benchi yathu ija, nkhope yowala.

Za kalatayi. Mwezi wa Malichi anandidula matumbo ku Manchester, kenako miyezi ya diripu. Pa 4 mwezi uno dokotala anayankhula, Chizungu chothamanga ngati sitima ya katundu potsika phiri, maso ake pa Mtisunge mwana wanga, ine ngati mpando. M'basi pobwerera Mtisunge anandigwira dzanja. "Zili bwino adadi, yatha."

Mawu amenewa ndikuwadziwa. Ndinawanenapo ine ndemwe kwa achimwene anga a Edmund, 1998, ku Blantyre. Dokotala anaitanira ine ndi Watson pakhonde, anati masabata owerengeka. Tinalowa tikumwetulira. Watson mpaka kuwauza kuti dzinja lino alima. Ndi mmene timachitira kwathu, wodwala samuuza. Lero wodwala ndine, ndiye ndikhulupirire ndani?

Edmund akanaiwerenga yekha kalatayi. Bambo anasankha iye wa sukulu, ine wa ng'ombe. Sitandade 4 basi, kenako njanji ku Balaka zaka makumi atatu. Zaka zonsezi chikadandiwawa. Ndimawerenga ndi chala, mawu aatali amandithawa. Ndipo aliyense amene angandiwerengere, pakamwa ndi pamodzimodzi ndi Mtisunge.

Amayi awiri a mvano abwera ndi mphesa. Mawu otsitsa, ngati m'nyumba muli maliro ongodikira nthawi. Mphesa sindizifuna. Ndikufuna chigwa changa.

Lachiwiri, 18 Okutobala

Ndikutsuka kapu m'mawa, bawo inabwera m'mutu. Kapu ndinaisiya m'madzi.

Masabata omaliza a Edmund tinkamutengera bawo ku wodi. Ine ndi Watson tinapangana kuti tizimugonjera. Munthu woti moyo wake wonse sanandipambanepo kawiri motsatizana, anapambana masiku asanu ndi anayi. La khumi anakankha bolodi. "Mwayamba kundigonjera. Ndiye kuti ndapita." Anapitadi.

Tsono ine. Kuyambira Malichi palibe wonditsutsa. Ndikati mvula siigwa, onse eya, siigwa, iyo ikugwa. Watson, munthu wa timu ya Maule wakufa nawo, anavomera pa bedi langa kuti Manoma amasewera bwino. Tsiku limenelo ndinatembenukira kukhoma. Ndinadziwa.

Ndi pa katoni paja chimodzimodzi. Miyezi isanu ndi iwiri maufumu akuphana mbali zonse, chigwa changa chopanda msilikali ndi mmodzi yemwe, osachikhudza. Poyamba ndinkati ndi nzeru zanga. Kenako ndinayamba kumva fungo la mphesa.

Loweruka munthu wandimenya mopanda chisoni. Pamaso pa anthu. Akuseka.

Kodi wodikira manda amamulanda mchere?

Ndisathamange. Mwina anangoiwala. Koma galu wamkota sakandira pachabe, ndipo Watson ndi mkota.

Lachinayi, 20 Okutobala

Salford, pa basi ziwiri. Overtone anatuluka nthawi ya nkhomaliro ndi envulopu, monga ndinamupemphera pa foni. Munthu uyu sataya kanthu, timapepala tonse ta m'chitini amalemba tsiku kuseri. Tinakhala pa benchi pafupi ndi madzi, mphepo yolowa m'mafupa.

Zolemba za Watson ndimazidziwa, ngati nkhuku yapalasa. Chichewa, ndiye ndinawerenga ndekha, wopanda wondithandiza.

Malichi: njovu zifike pa malire a Chigwa. Sabata yomwe ndinagonekedwa: njovu zidye udzu. Epulo, njovu zidye udzu. Meyi, Juni, udzu. Julayi Patuma anamulanda malinga awiri chifukwa Watson anazungulira njira yaitali m'malo modutsa mwanga. Njovu zikadali pa udzu. Seputembala udzu.

Pa 8 Okutobala: ndikupempha njira kwa alamu.

Masiku anayi chichokereni kwa dokotala. Ndipo ndikukumbuka bwino, madzulo a pa 4 Mtisunge anamuimbira foni kukhitchini, chitseko chotseka. Ndinkaganiza akugawana ntchito za maliro.

Overtone sakudziwa chimene ndimafuna. Anangoti ankadabwa, njovu kunenepa ndi udzu nkhondo ili mkati.

Ndinamubwezera envulopu. Miyendo inali yopepuka moti siteji yoyamba ndinaipitirira wapansi. Ndinagula nsomba ndi tchipisi, ndinadya zonse, ndi zotsalira m'pepala ndinanyambita. Chiyambireni Malichi sindinamalizepo mbale.

M'basi misozi pang'ono. Mayi wina wachizungu anandipatsa tishu. Ndimuuze chiyani? Kuti andilanda ufumu, zikomo Ambuye?

Loweruka, 22 Okutobala

Ndinafika ku holo msanga, tayi pakhosi. Watson anali akukonza mipando, osandiyang'ana kumaso. Ndinamufunsa za dzino lija analumbirira. Analowetsa zala m'kamwa, kulitulutsa, kuliika pa katoni pakati pa chigwa changa. La pulasitiki. Akuti lenileni linatsala ku Lilongwe kalekale.

Ndinafuna kukwiya, koma kuseka kunatsogola. Chilonda cha pamimba mpaka kukoka.

Ndinamufunsa mwachindunji ngati anachita zimenezi kuti andilimbitse mtima. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Wodwala sitimulanda, alamu. Koma inu mwachira, ndipo mcherewo ndaukhumbira kuyambira Malichi." Anawonjeza kuti zija ananena za Manoma pa bedi langa azibweza, timu imeneyo ngakhale mbuzi zingaichinye.

Dyera lenileni. Palibe chisoni ngakhale kadontho. Sindinamvepo mawu okoma chonchi chaka chino.

Pa masewera ndinangokhala, mfumu yopanda dziko. Overtone akuti kamba wanga mmodzi anali pa ulendo tsiku la nkhondo, akadali m'tchire ndi katundu wake. Mmodzi yekha. Ndamuika m'thumba la jekete, chotsekera cha botolo chobiriwira.

Patuma sanandipatse mpando wa pafupi ndi hita. Anakhalapo yekha. Ndinazizidwa masana onse, mtima uli mbee.

Lachitatu, 26 Okutobala

Mtisunge sanapite ku ntchito. Ndinatulutsa kalata ija pa Yobu, ndinati andiwerengere pang'onopang'ono, liwu limodzi limodzi, chala changa chikutsatira. Palibe chotupa chaoneka. Magazi ali bwino. Ndibwererenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi akandione. Zomwezo zimene ananena m'basi.

Anandifunsa chifukwa chake lero. Ndinamuuza za njovu. Anapinda kalata mwamphamvu. "Mwakhulupirira zotsekera mabotolo, mwana wanu ayi." Analira. Masabata atatu ankaona ndikugawa malaya anga abwino kwa anthu, osadziwa chifukwa.

Ndinamuuza za Edmund, za pakhonde paja, zimene sindinauzepo aliyense m'nyumba muno. Sanandikhululukire pomwepo. Koma tiyi anandipangira, ndipo anandikalipira za shuga. Kukalipa kwenikweni, konga kwa mayi ake.

Jekete yanga yakuda ndinapatsa Thompson wa kwaya. Ndikaitenganso. Achite manyazi ndi iye.

Masana ndinaimbira Patuma. Kamba mmodzi wodzaza mchere, ng'ona zake zanjala ya mchere. Ndinkati sindilowa nkhondo za anthu. Uja anali munthu wina, wodwala. Tapangana: ng'ona zikwere mtsinje mobisika pansi pa chigoba cha kamba, zikatulukire kuseri kwa phiri la Watson, njovu zake zonse zikadali kwanga kudya mchere. Kapepala ndalemba kale, katatu, kuti kawerengeke.

Baibulo ndalitsegula pa Masalimo. Kalata ili m'dirowa ndi mapepala a gasi.

Loweruka, 29 Okutobala

Tinakumana pa siteji, ine ndi Watson. Akutsokomola, chifuwa chimene wakhala nacho kuyambira chilimwe. Basi isanafike anatulutsa envulopu yoyera, ya mtundu wa kalata yanga yakuchipatala ija. Amuitana Lachitatu, akufuna kumujambulanso, pa chithunzi choyamba aona kanthu. Ananena mopepuka, maso kumsewu. Kolala ya shati yamukulira. Sindinazione bwanji zimenezi?

Kapepala kali m'thumba langa. Njira yonse dzanja lili pomwepo. Kukang'amba kunali kosavuta. Ndikanalemba kuti kamba adye udzu.

Chitini chinazungulira. Patuma anaponya kake, akundiyang'ana. Watson naye akundiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akudziwa chimene akuyang'ana. Anali pa wodi paja nayenso, tsiku la bawo.

Ndinaponya.

Phiri lake lagwa, ndi nkhokwe za udzu zomwe. Anaimirira, kumenya tebulo, zotsekera kubalalika pansi. Anandinena njoka, wosayamika, mlamu wa chabe. Kutsokomola, kenako kutukwananso. Pobwerera anakhala mpando wina m'basi, koma potsika anandidikira.

Lachitatu ndimuperekeza. Ndamuuza Mtisunge atilembere pa pepala mafunso, ndipo dokotala akathamanga ndimuimitsa, abwereze mpaka ndimve. Ku njanji ndinkaimitsa sitima ndi mbendera imodzi. Chimene anene ndimuuza Watson monga chilili, pomwepo, osati pakhonde. Chikakhala chabwino, chigwa changa abweze. Chikakhala china, bawo ndikatenga, ndipo asayembekeze kuti ine ndimugonjera.