Mamendulo a Meja Dalton

Lolemba, 28 Okutobala

Holide kwa ena kuno ku Ireland, ife osamalira okalamba pantchito. A Meja Dalton a mu rumu 9 akananso kudzuka. Chigwereni m'bafa mwezi watha sanapondepo pansi. Dokotala akuti miyendo ilibe vuto, ndi mantha chabe. Zaka 91, msilikali wa Mfumukazi, kuopa kolido!

A fiziyo, ophunzitsa odwala kuyenda, anena mosapsatira: a Meja akapanda kuyenda ndi fulemu yogwirira mpaka pa desiki ya manesi pofika Lachisanu la sabata yamawa, kutchalitchi ku mwambo wokumbukira asilikali sapita. Iwo angotembenukira kukhoma.

Ali mnyamata ankatsogolera asilikali a kwathu ku nkhondo ya ku Malaya, ndiye Chinyanja amachitha, chija chokalipa cha pa perete. Ine amanditcha Sajeni Tiyezge. Udindo waulere sindikana.

Lachitatu, 30 Okutobala

Peggy, mwana wawo, wabweretsa jekete ndi mamendulo asanu m'chitini cha mabisiketi, akuti ndiwabaye pachifuwa pa jeketeyo. Ndasanja mmene diso lakondera, mitundu yofanana pamodzi. Kamtanda ka riboni yoyera ndi yapepo sikamagwirizana ndi anzake, ndiye ndakaika kumapeto, jekete n'kukoloweka pa wadiropu.

Mayo ine. "Iwe Sajeni! Zopusa zimenezi! Mtanda patsogolo!" Nkhope psuu ngati phwetekere. Ndikanadziwa bwanji kuti mamendulo nawonso ali ndi akulu ndi ang'ono? Koma chimodzi ndachiona: pokalipa paja anakhala tsonga okha, dzanja lili pa fulemu.

Ndapepesa mwaulemu wonse. Sindinakonze.

Lachinayi, 31 Okutobala

Masitepe anayi mpaka pa wadiropu, akunditukwana njira yonse. Akonza okha. Atagona masana ndasokonezanso, jekete ndasamutsira kuchitseko.

Loweruka, 2 Novembala

Womba, nesi wathu wa ku Lusaka, wandigwira ndili ndi phini kukamwa. "Iwe Tiye, ba Major bakagwa, incident report uzalemba weka." Ndamuuza kuti ndimayenda pambuyo pawo ndi mpando ngati nkhuku yolondola mwana wake. Waseka, kenako jekete wakaikoloweka yekha panja, mu kolido. Tsopano akuba tili awiri.

Lolemba, 4 Novembala

Mvula tsiku lonse, mabasi a ku Beaumont odzaza, ndafika nditanyowa. A Meja lero zii, ngakhale kutukwana ayi. Powameta ndevu ndawafunsa kuti kamtanda kaja anakapata bwanji.

Akuti mu 1953 adani anawabisalira pa mtsinje m'nkhalango. Atatu mwa anthu awo anatsala tsidya lina atavulala. Iwo anawoloka katatu zipolopolo zikulira, kubereka mmodzimmodzi. Womaliza anali Kopolo Tarsizio wa ku Dedza, amene anawaphunzitsa Chinyanja. Anafera kumsana kwawo madzi ali m'chiuno. "Ine anandipatsa mtanda, iye sanamupatse kanthu. Chaka chilichonse ndimapita kukatchula dzina lake. Mu Ireland muno palibe wina amalidziwa."

Manyazi andigwira. Ine sabata yathunthu kuseweretsa chinthu chotere. Ndalira ndithu m'chipinda chosungira mashiti. Koma nditapukuta maso ndaganiza kuti ndikasiya, Tarsizio chaka chino satchulidwa. Kamtanda ndakaika pakati.

Lachitatu, 6 Novembala

Masitepe 19, mpaka pa chozimitsira moto. Anditcha mbuzi. Ndalandira.

Lachisanu, 8 Novembala

Tsiku lija. A fiziyo ndi pepala lawo, Peggy akudya zikhadabo, Womba akunamizira kuwerenga mankhwala. Jekete ili pa desiki ya manesi. M'mawa ndinasanja mamendulo bwinobwino, aliyense pamalo pake, chifukwa pamaso pa anthu sindikanawanyozetsa.

Ananyamuka bwino. Pa sitepe ya 25 anaima, thukuta pamphumi. Peggy anati tibweretse mpando. Ndinawerama n'kuwanong'oneza: "Bwana Meja, lero mtanda uja ndauzondotsa." Bodza lamkunkhuniza, Mulungu andikhululukire. Anapumira m'mwamba, fulemu n'kugunda pansi. Masitepe 31, afika pa desiki.

Anaiyang'ana jekete ija nthawi yaitali. Zonse zili m'malo. Kenako anayang'ana ine, diso limodzi atatsinzina pang'ono. A fiziyo anati Lamlungu a Meja apita kutchalitchi, Peggy akulira ngati pa ukwati.

A Meja sanasamale za onsewo. Anamasula kamtanda kaja, n'kukabaya okha kumapeto, kopendekeka.

"Sajeni, tchalitchi chija n'chachitali. Mawa jeketeyi kaikoloweke kugeti."