Ufa wa Kinjal, Mimba ya Dhaval

Aphungu,

Pa 9 Malichi chaka chino mwana wanga Kinjal, wa zaka zinayi, anakhala pansi pakhomo pa chimbudzi n'kukana kulowa. Sabata inali itatsala pang'ono kukwana asanachite chimbudzi. Kudzimbidwaku anayamba nako chaka chatha. Chikati chituluke chinkatuluka ngati timiyala, mwana akukuwa mpaka anthu a nyumba zoyandikana kumasuzumira. Za kwathu kuno tinayesa zonse: mankhusu a njere zofewetsa m'mimba zotchedwa isabgol m'chambiko, mafuta a nsatsi, ngakhale kumusisita pamchombo. Zinkathandiza lero, mkuja zabwereranso.

Tsiku limenelo ndinajomba kuntchito n'kukwera naye basi kupita kuchipatala china ku Mehsana. Kumeneko anatiuza kuti pali kafukufuku wa mankhwala a ana odzimbidwa. Mankhwalawo ndi amitundu iwiri, onse ufa woyera m'timapaketi tofanana, moti ngakhale adokotala sadziwa kuti mwana akumwa uti mpaka kafukufuku atatha. Anamupima Kinjal, kumuyeza pasikelo, kundifotokozera kawiri, ine n'kusaina. Sukulu sindinapite nayo patali koma dzina langa ndimalemba. Anamwino otiyang'anira, a Falguniben, anati: "Paketi imodzi m'madzi m'mawa uliwonse. Mapaketi akatha musataye, muzibwera nawo."

Aphungu, ufawo wagwira ntchito. Kinjal tsopano amapita yekha, amatuluka akuimba, n'kukalengeza kwa aliyense, ngakhale kwa wogulitsa mkaka. Pamenepo palibe chodandaula.

Nkhani ili m'nyumba. Timakhala pamodzi ndi mayi anga, a Ba, komanso akulu anga, a Motabhai, ndi akazi awo, a Bhabhi. Khitchini ndi imodzi. Chibadwire changa, chilichonse cholowa pakhomo pathu ndi cha nyumba yonse, kaya ndi mango kaya ndi mankhwala a chifuwa, chimakakhala pa shelefu ya a Ba. Ine mapaketi a Kinjal ndinawatsekera m'bokosi langa. Ndipo a Bhabhi ali ndi khanda la miyezi isanu, Dhaval, nalonso silichita chimbudzi bwino.

Lachitatu lapitali a Bhabhi anandiimitsa ndikusamba m'manja. Ananditchula dzina nati: "Kanubhai, ufa wa kuchipatala wasanduka golide kodi, kuti uzigona m'bokosi lokhoma? Wanu akuimba nyimbo m'chimbudzi, wanga akufiira nkhope ngati tsabola. Kapena mwana wa mkulu wanu si mwana?"

Ndisanayankhe, a Ba anaponyamo lawo: "Bambo ako atamwalira tinkagawana chapati chimodzi anthu anayi. Lero ufa ukukukanika kugawa? Anakuphunzitsa umbombo ndi anamwino akowo?"

Mkazi wanga Varsha anadikira tili awiri n'kunena: "Inu mukakana, m'mawa mulawirira kumsika. Wotsala nawo pachitofu tsiku lonse ndine." Ndinaimbira a Motabhai, amene amayendetsa lole ndipo pano ali kutali. Anati: "Iwe, za m'mimba mwa ana ukufunsa ine ndili pamsewu wa ku Nagpur? Chita zimene anena a Ba." Foni n'kudula.

Ndiye ndakhala pansi, ndapeza njira, ndipo ndikuona kuti ndi yabwino. Ine ndimagwira ntchito pamsika wa chitowe, kunyamula matumba ndi kuyeza. Pa sikelo palibe angandinamize. Kinjal amalemera makilo 15 ndipo amamwa paketi imodzi. Dhaval ndamuyeza ndekha, ali ndi makilo 5. Ndiye kuti iye ake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kinjal azimwa magawo awiri otsalawo, poti wachira kale. Mapaketi otha abwerera onse kwa a Falguniben, palibe yosowa. A Ba akondwa, a Bhabhi akondwa, Varsha apuma. Kasikelo kakang'ono koyezera zitsanzo za chitowe ndabwereka kale kwa abwana.

Ndikufuna kufulumira chifukwa mwanayo akuvutikadi. Mimba yake yafufuma, yalimba ngati thumba losokedwa bwino. Chibadwire sachita chimbudzi popanda a Ba kumuthandiza ndi kachidutswa ka sopo. Dzulo anasanza zobiriwira ngati msuzi wa masamba, koma a Ba akuti ndi diso loipa la mlendo wina, amufukizira kale tsabola.

Funso langa n'limodzi, Aphungu. Khanda lotere silinayambe kumwa madzi. Ufawo ndisungunule m'madzi owiritsa, kapena mu mkaka wa amayi ake? Ndiyamba Lamlungu.

K.T., Unjha

*

Bambo a Kinjal,

Kalata yanu ndaidumphitsa pamzere, ndipo mukanalemba nambala ya foni ndikanakuimbirani. Musasungunule ufawo, m'madzi kapena mu mkaka. Dhaval apite kuchipatala lero, nyuzipepala ino mukawerengere m'basi.

Mwandilembera zambiri za sikelo, koma mawu ofunika mwawaponya kumapeto ngati makoko. Khanda limene silichita chimbudzi lokha chibadwire, mimba yofufuma ndi yolimba, makilo 5 pa miyezi isanu, kenako kusanza zobiriwira: uku si kudzimbidwa kwa Kinjal kocheperako. Sindingapime mwana ndili pano, koma zizindikiro zimenezi nthawi zina zimatanthauza kuti china chatseka njira m'matumbo. Mukathira mankhwala ofewetsa pamwamba pa njira yotseka, mukhoza kumupweteka kwambiri. Amene angadziwe ndi dokotala amene wagwira mimbayo ndi manja ake.

Masamu anu ndi olondola, pamatumba. Thumba laling'ono ndi lalikulu, chitowe chake n'chimodzi. Khanda ndi mwana wa zaka zinayi m'kati mwawo si chimodzi. Komanso mwanena nokha kuti ngakhale adokotala sadziwa ufa umene uli m'paketimo. Mukufuna kuyeza mosamala chinthu chimene simukuchidziwa dzina. Ufawo anaupereka kwa Kinjal atamupima Kinjal.

Nanga Kinjalyo? Mwana amene anavutika chaka chathunthu sachira chifukwa waimba milungu ingapo. Mukamuchepetsera, timiyala tija tingabwerere, ndipo mwana akamva kuwawa kamodzi amayambanso kugwira chimbudzi chifukwa cha mantha. Mapaketi otha adzakwanira, inde. Koma a Falguniben adzalemba kuti mwana wamwa mlingo wonse ndipo sunamuthandize. Bodza limenelo lidzalowa m'zotsatira za kafukufuku, ndipo odzalipira ndi ana a anthu ena amene simudzawaona.

Tsopano za m'nyumba, poti n'zimene zikukusowetsani mtendere. A Bhabhi anu si mdani. Ndi mayi amene mwamuna wake ali kutali, khanda likulira, ndipo thandizo lokhalo limene akuliona ndi maso lili m'bokosi lanu. Mawu a golide aja ndi mantha ovala chipongwe. Musatsutsane nawo, ndipo musayambe ndi mawu akuti ayi. Pitani kwa a Ba poyamba, mwaulemu, muwauze kuti: "A Ba, mwanena zoona, mwana wa a Motabhai ndi wanga. N'chifukwa chake sindimupatsa zotsala za Kinjal. Ndimutengera kwa dokotala, akamupatse zakezake." Palibe gogo amene angakane kuti mdzukulu wake alandire mbale yodzaza m'malo mwa makombo. Tsabola wofukiza uja musalimbane naye, sanapweteke munthu. Koma sopo aleke, mafuta a nsatsi ndi isabgol asayandikire pakamwa pa khandalo.

Mwambo wa kwanu wogawana ndi wabwino, ndipo chogawa muli nacho chachikulu kuposa ufa. M'nyumba monsemo ndinu nokha amene mukudziwa basi yake, khomo lolowera ndi dzina la anamwino. Gawani zimenezo. Tengani a Bhabhi ndi khanda, Varsha atsagane nawo, a Bhabhiwo akaone kuti mkazi wanu ali kumbali yawo. Mukafika musakaime pamzere wa kafukufuku. Pitani kolandirira odwala mwadzidzidzi, ndipo mawu oyamba kutuluka pakamwa panu akhale akuti mwana wasanza zobiriwira ndipo mimba yatupa. Kenako munene za sopo uja ndi za chibadwire, osachita manyazi. A Motabhai muwaimbire muli kale kuchipatala. Akamva dokotala akulankhula, foni sadula.

Pa ulendo wotsatira wa Kinjal muwauze a Falguniben zonse zimene zinachitika kunyumba. Sakuthamangitsani chifukwa cha zimene munangoganiza, ndipo si inu oyamba kupanikizidwa ndi achibale. Bokosilo lipitirize kukhala lokhoma.

Chenjezo langa ndi ili. Dhaval akasanzanso, akakana kuyamwa, akatentha thupi kapena akafooka, musadikire basi, musadikire chilolezo cha munthu. Imitsani galimoto iliyonse imene ikulowera ku Mehsana.

Ndinu bambo wabwino. Munajomba kuntchito chifukwa cha mwana mmodzi, jombaninso chifukwa cha winayu. Kasikelo kaja mukabweze kwa abwana mawa. Lero nyamulani Dhaval, si thumba la chitowe ameneyo.

Aphungu